Teleza Amene Bambo Akuitana

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko ku Milanje pamodzi ndi amalume a Blackson ndi onse a pakhomo. Kodi mwendo uja unasiya kutupa? Ine ndili bwino, ntchito ku fakitale ya tiyi ikuyenda. Amene sali bwino ndi bambo.

Anagwa pakhonde mwezi wa Juni. Adokotala akuti ndi sitiroko, mtimanso wafooka, ndipo sakuyembekeza kuti angaione mvula ya chaka chino. Bambo aja anatha moyo wawo wonse akusiyanitsa njoka ndi abuluzi powerenga mamba, aja ankalandira makalata ochokera kunja ofunsa maina a zokwawa, lero supuni akuitcha ujeni. Liwu lomveka latsala limodzi lokha: Teleza.

Ndikudziwa kuti nkhani ya dzina lanuli ndi bala. Ndinali wamng'ono koma ndikukumbukira. Bambo atapeza kabilimankhwe kaja m'nkhalango ya pamwamba pa esiteti, kosakwana chala, kamene sikanali m'buku lililonse, anakatcha telezae, potengera dzina lanu. Kwa anzawo a sayansi palibe ulemu woposa umenewo. Koma wailesi italengeza, anzanu othyola tiyi ankakufunsani m'mizere kuti lero mwadzuka ndi mtundu wanji. Amalume anati mwamuna akatcha mkazi wake bilimankhwe pamaso pa dziko, ndiye kuti akumunena kuti ndi wamaangamaanga. Bambo anangoyankha kuti dzina likasindikizidwa, malamulo a sayansi salola kulifafaniza. Zinali zoona, koma si zimene munkafuna kumva. Munanyamuka, banja n'kutha. Sindikuweruza aliyense.

Poyamba ndinkaganiza kuti akuitana kanyamako. Choncho ndinakwera phiri ndi a Philip, amene anaphunzitsidwa ndi bambo ndipo pano nawonso akuphunzitsa ku yunivesite, kuti tikakajambule tidzawaonetse.

Nkhalango kulibe, Amayi. Kuli zitsa, maenje otenthera makala, ndi nandolo mpaka pamwamba. Kanyamako kamakhala m'masamba onyowa pansi pa mitengo ikuluikulu, sikangakhale mu tiyi kapena m'bulugama. A Philip anati sayansi sithamangira kunena kuti nyama yatha, imayamba yafufuza zaka zambiri. Ndinawafunsa kuti pa zaka zimenezo kadzakhala kakubisala pati. Tinatsika phiri osakaona.

Azakhali a Sellah anandilangiza kuti ndiwauze bambo kuti takaona, kali bwinobwino. Ndinakana, poti bambo sanandinamizepo chiyambire. Ndinawauza zonse monga zilili. Anatseka maso, nagwedeza mutu pang'onopang'ono. Anamva. Kuyambira tsiku limenelo phala akulikana, ndipo azakhali sakundiyankhula.

Koma kuitana sanasiye. Chitseko chikangolira, amatembenuza mutu movutikira n'kunena dzina lija, ndipo akaona kuti ndine amabwezera nkhope kukhoma. Bilimankhwe satsegula chitseko, Amayi. Sindikunena kuti umenewu ndi umboni, ubongo wodwala umachita zambiri. Ndikungokuuzani zimene ndaona ndi maso.

Sindikupempha kuti muwakhululukire. Nawonso sangathenso kupepesa, lilime lafa. Ndikupempha kuti mudzangoima pakhomo kamodzi. Ndikudziwa kuti amalume akaniza, kuti ulendowo ndi wowawa pa mwendo wanu, ndiponso kuti mwina mukadzafika sadzakuzindikirani. Palibe chimene ndingalonjeze.

Ngati simubwera, ndilembereni choti ndiziwayankha akaitana. Zoona ndinawauza kale, ndipo taonani kumene zatifikitsa. Ine mayankho andithera.

Mundiperekere moni kwa amalume, kwa a Esnat ndi ana onse. Mulungu akusungeni, akupatseni mphamvu pa chilichonse chimene musankhe.

Ndine mwana wanu,
Leah