Tataya Mayi Connie Buhagiar, Amene Adabweza Timu kwa Eni Ake

Kwa a Stephen, a Joanne, zidzukulu ndi banja lonse la a Buhagiar. Kwa mamembala a Bungwe la Masapota a Coalbrook Rangers. Ndi kwa onse okhala m'chigwa cha Latrobe.

Komiti ya bungwe lathu yalandira modzidzimuka komanso ndi chisoni chachikulu uthenga wakuti Mayi Concetta Buhagiar, amene tonse tinkangowatchula kuti a Connie, atisiya Lachiwiri m'mawa kuchipatala cha ku Traralgon, kumene adathamangira nawo atagwa mwadzidzidzi m'dimba la kuseri kwa nyumba yawo. Tadzidzimuka chifukwa Loweruka lapitali tinali nawo pabwalo, ataima pachipata ndi jekete yawo yamvula, akulandira anthu monga ankachitira nthawi zonse, ndipo palibe mwa ife amene adaganizako kuti kumeneko kunali kutsanzikana. Amwalira ali ndi zaka 79, ndipo ambiri a ife sitikumbukira tauni ya Coalbrook yopanda iwo.

Malemuwa adafika kuno kuchokera ku Malta ali kamtsikana, bambo awo atapeza ntchito pamgodi wa malasha. Bambo awowo anali m'gulu la amuna amene ankati akaweruka kumgodi, ankatenganso mafosholo kukasalaza tchire limene lero ndi bwalo lathu. A Connie atakula adakhala mzamba, ndipo kwa zaka zambiri ana a m'tauni muno ankafikira m'manja mwawo. N'chifukwa chake panalibe wosewera amene ankalimba mtima kuwayankha mwano. Mnyamata akafika pachipata mochedwa anzake atayamba kale kuvala, iwo ankangoti, "Iwe, tsiku lako lobadwa unandidikiritsa, lero ukundidikiritsanso? Thamanga ukavale!"

Ntchito yaikulu imene tikuwakumbukira nayo idayamba chaka chimene malo opangira magetsi adatsekedwa, mabanja ambiri n'kutsala opanda pogwira. Nthawi imeneyo timu yathu inali m'manja mwa mkulu wina wamalonda wa ku Melbourne, amene adaigula zinthu zikuyenda bwino. Mkuluyu adatiitanira m'holo ya pabwalo, osati kudzamva maganizo athu, koma kudzatidziwitsa kuti timu iphatikizidwa ndi ina ya mumzinda, dzina ndi yunifolomu yathu zitha, ndipo pabwalo padzamangidwa nyumba.

"Anzanga, tisanamizane," adatero mkuluyo. "Tauni ino ikutha. Chaka chamawa adzaonera mpira ndani kuno? Ng'ombe?"

Amuna amene anali atangochotsedwa ntchito adangozyolika. Anali atamva mawu ofanana ndi amenewa kuntchito kwawo, ndipo adadziwa kuti sapikisana nawo. Amene adaimirira anali a Connie.

"Bambo, ng'ombezo zisiyeni, sizinakulakwireni," adatero. "Ine funso langa ndi limodzi. Ngati timuyi mwatopa nayo, mungatigulitse ifeyo?"

"Inuyo ndani, mayi?"

"Kwezani maso muone. Onsewa."

Mkuluyo adaseka, n'kunena kuti atidikira mpaka ligi itatha, ndipo m'mene ankasekeramo zinkaonekeratu kuti sankayembekezera kumvanso za ife. Kunena zoona, ngakhale ambiri a ife tidatuluka m'holo muja tikuganiza kuti mayiwa angolankhulira mkwiyo. Koma Lolemba lotsatira anali atayamba kale kugogoda m'makomo, ndipo adagogoda nyengo yonse yozizira ija, mvula ikuwathera pathupi, mpaka ogwira ntchito m'mashopu, alimi a mkaka, amayi a kutchalitchi ndi madala a kumgodi adagwirizana kuti agule timu yawo pamodzi. Umu ndi m'mene bungwe lino lidabadwira. Lamulo lake loyamba adaliumirira ndi iwo, ngakhale ena olemera adanyinyirika nalo: wopereka zambiri ndi wopereka zochepa, aliyense voti yake ndi imodzi.

Pazaka zimene a Connie anali wapampando wathu woyamba, bwalo lidalembetsedwa m'dzina la mamembala onse kuti pasadzapezekenso munthu mmodzi wotha kuligulitsa; masapota wamba adayamba kusankha okha komiti, kufunsa mafunso pamaso pa atsogoleri ndi kukana mayankho osamveka; timu ya amayi ndi matimu a atsikana adakhazikitsidwa; magetsi adaikidwa pabwalo kuti ogwira ntchito masana azitha kuphunzira mpira akaweruka; ndipo ana a mabanja ochokera ku South Sudan, amene poyamba ankangosuzumira pampanda, adatsegulidwira chipata, moti lero mmodzi wa iwo, a Deng Akol, ndiye kaputeni wa timu yathu yaikulu. Kampani ina ya njuga itafuna kulemba dzina lake pachifuwa cha osewera athu pamene tinali pamavuto, iwo sadaiyankhe okha, koma adaitengera nkhaniyo kwa mamembala, ndipo mamembala adakana.

Komabe zonsezi sizikufotokoza mokwanira kuti mayiwa anali munthu wotani. Pali nkhani imodzi imene tidakayikira kuilemba mu uthenga wachipepeso, koma a Stephen, mwana wawo woyamba, atiloleza, ndipo atiuza kuti tisaichepetse.

A Stephen anali mphunzitsi wa timu yathu yaikulu kuyambira bungwe lisanabadwe, ndipo m'chaka chovuta chija adagwira osewera kuti asabalalike pamene matimu ena ankawanyengerera. Koma patapita zaka, timu idayamba kugonja motsatizana, idatsika mu ligi, ndipo chaka chotsatira sidaonetse zoti ibwerera. Mamembala ena adapempha kuti pamsonkhano waukulu pakhale voti yosintha mphunzitsi. Nkhaniyi idatikulira m'komiti, ndipo ena a ife tidapita kunyumba kwa a Connie kukawauza kuti tikhoza kukambirana ndi opemphawo kuti aibweze mwakachetechete, polemekeza zimene iwo adachitira timu.

Tidawapeza akukanda ufa wa timakeke ta tchizi timene ankakonda kuphika. Adamvetsera mpaka tidamaliza, kenako adapukuta m'manja n'kundiyang'ana ineyo, amene ndinali wachiwiri wawo.

"Iwe Graeme, wabwera kudzandinyoza m'khitchini mwanga?"

"Ayi, a Connie, ife timangoti poti ndi mwana wanu..."

"Ndikudziwa kuti ndi mwana wanga, ndinalipo pobadwa pake. Mukabweza nkhaniyi chifukwa cha ine, ndiye kuti timu yapeza mwini wina watsopano, dzina lake Connie. Ine sindinanyowere mvula zimenezo. Khalani pansi mumwe tiyi, msonkhano ulipo."

Tsiku la msonkhano holo idadzaza. Itafika nkhani ya mphunzitsi, a Connie adachoka pampando, adandisiyira ine kuti nditsogolere, n'kukakhala pakati pa anthu. A Stephen adapatsidwa mpata wolankhula, kenako adatuluka kukadikira panja monga mwa lamulo. Amayi awo sadayankhule ngakhale liwu limodzi, ngakhale ankadziwa kuti akadangoimirira, holo yonse ikadawatsatira. Nditafunsa ofuna kuti mphunzitsi apitirize, iwo adakweza dzanja lawo m'mwamba kwambiri, osabisa, limodzi ndi ena ochepa. Nditafunsa ofuna kusintha, manja adachuluka moti panalibe chokayikitsa. Anthu ankaopa kuwayang'ana. Iwo adanyamuka, adabwerera pampando wawo, adalengeza zotsatira ndi mawu osanjenjemera, ndipo adakana kuti wina aliyense akawauze a Stephen, adapita okha.

A Stephen atiuza zimene zidalankhulidwa panjapo, pamalo oimikapo magalimoto.

"Amayi, mukanangonena mawu amodzi okha."

"Ndinanena, mwanangu, ndi dzanja langa."

"Dzanja limodzi, amayi? Inuyo?"

"Ndi lomwe ndili nalo. Ndi lomwe aliyense ali nalo."

A Stephen adakwera galimoto n'kumapita. Kwa nthawi yaitali sadapondenso pabwalo, ndipo chakudya cha Lamlungu, chimene banja lonse linkasonkhanirana kwa amayi awo, chidatsala cha mlongo wawo, a Joanne, ndi ana awo okha. Ife amene tinkagwira ntchito ndi a Connie tidaona m'mene zidawadyera. Adaonda, nthabwala zawo zidachepa, koma sitidawamvepo akudandaula za mamembala, ndipo mphunzitsi watsopano adamulandira okha pachipata n'kumuonetsa zipinda zovalira.

M'mene adagwirizanirana ndi mwana wawo ndi nkhani imene mamembala adzaisimba kwa zaka zambiri. Bwalo lathu limadikha madzi nthawi yamvula, ndipo masewero a ana ankalephereka kawirikawiri. A Connie adabweretsa ganizo lakuti tichotse kapinga n'kuyala wapulasitiki, adalikonzekera bwino, ndipo zinkaoneka kuti lidutsa mosavuta. Iwo atafunsa ngati panali wotsutsa, kumbuyo kwa holo kudaimirira munthu. Anali a Stephen, amene palibe adawaona polowa.

"A wapampando," adatero, "ine ndine membala, ndipo ndikutsutsa."

 Amayi awo adawayang'ana n'kunena kuti, "Membala alankhule."

Adalankhula za mawondo a osewera amene amavulala pa pulasitiki, za kutentha kwake m'chilimwe, ndi za ngalande zimene agogo awo adakumba pansi pa bwalo, zomwe zidangotsekeka ndipo zikhoza kutsegulidwa. A Connie adawayankha molimba, osawanyengerera, ndipo a Stephen adabweza molimbanso, mpaka mdala wina wa kumgodi adakuwa kuti, "Inu a Buhagiar, mukathetsere kwanu zimenezi, ena tili ndi njala!" Anthu adaseka, voti idachitika, ndipo a Connie adagonja. Adalengeza kugonja kwawo, adatseka msonkhano, n'kuyenda pakati pa mipando mpaka kumbuyo kwa holo.

"Wandigonjetsa bwino," adatero. "Koma ngalandezo ukakumba wekha."

"Ndikumba, amayi."

"Ndipo Lamlungu ubwere kudzadya. Ana ubwere nawo, aonda."

"Simunawaone n'komwe, amayi."

"Ndikudziwa kaphikidwe kako."

Ngalande zija adazikumbadi, pamodzi ndi gulu la mamembala, ndipo lero a Stephen ndi amene amaphunzitsa timu yathu ya atsikana.

Kwa inu a Stephen ndi a Joanne, kwa zidzukulu zimene iwo ankazinyadira pamaso pa aliyense wofuna kumva ngakhalenso wosafuna, ndi kwa abale onse a kuno ndi a ku Malta, ine m'malo mwa komiti, mamembala, osewera, aphunzitsi ndi onse odzipereka pabwalo lathu, ndikupepesa kuchokera pansi pa mtima. Tikudziwa kuti nthawi yambiri imene amayi anu adatipatsa ife idachotsedwa pa nthawi yanu, ndipo kuti pamene ife tinkapindula ndi chilungamo chawo, panali tsiku limene inu mudachimva kuwawa. Tikukuthokozani kuti mudatibwereka mayi wotere, ndipo tikupempha Mulungu, amene iwo adamutumikira mokhulupirika, kuti akulimbitseni mitima m'masiku ano ndi m'masiku ovuta kwambiri amene amabwera anthu opepesa akabalalika.

Misa ya maliro idzachitika Lachisanu m'mawa kutchalitchi cha Katolika cha muno mu Coalbrook, ndipo popita kumanda galimoto yonyamula thupi idzadzera pabwalo, pamene osewera a matimu athu onse adzaima m'mizere atavala yunifolomu. Masewero a Loweruka adzachitika monga mwa ndondomeko, chifukwa ndi zimene banja lapempha. Komiti idaganiza zoti mpira usanayambe tidzakhale chete kwa mphindi imodzi, koma titafunsa banja, a Joanne adaseka misozi ili m'maso, ndipo a Stephen adati, "Amayi sanakhalepo chete pabwalo limenelo moyo wawo wonse. Musawayambitse lero."

Choncho tikupempha aliyense amene adzabwere, wa timu yathu ngakhale wa timu ya alendo, kuti pa mphindi imeneyo adzaimirire, adzaombe m'manja, adzaimbe, adzakuwe ndi mphamvu zake zonse. Ambuye awalandire Mayi Connie Buhagiar, ndipo awapatse mpumulo umene kuno sadaufunepo.

Graeme Hoekstra
Wapampando
Bungwe la Masapota a Coalbrook Rangers