Injini ya Bambo pa Khonde la Apongozi

Loweruka, 7 Juni 2025, Lirangwe

Kirankishafuti ya Pijo, galimoto ya malemu bambo, yabwera lero kuchokera ku Limbe. Msana wa injini umenewo. A Twahir, opala zitsulo, anachita kundiloza chala: "Kupala komaliza kumeneku. Ikakandikanso, mukangogulitsa pasikelo." Galimoto ya 1974, ina ndikaipeza kuti? Ndapaka oyilo watsopano pa chilichonse, maberingi, mapisitoni, kuti dzimbiri lisagwire ndiponso tsiku loliza zisadzakhulane zouma. Ndayala pakhonde la apongozi poti nyumba yathu ilibe khonde. Ukamwini.

Lamulungu, 8 Juni

Fumbi la kuno silidziwa Sabata, ndipo likaona oyilo limathamangira. Ndafunditsa zonse ndi chitenje chakale. Apongozi atuma mkazi wanga Modesta kudzafunsa kuti munthu wovala yunifolomu ya ku bwalo la ndege amasungiranji ziwiya zonona chonchi osatsuka. Ndati akawauze kuti kunonako ndiye moyo wake. Kaya wakanena zotani. Ndangomva kuseka kukhitchini.

Lachitatu, 11 Juni, Chileka

Ntchito mpaka Lachisanu. Manja pa zikwama za eni, mutu pa timabowo todutsa oyilo. Kamchenga kamodzi kokha, basi zatha. Ndaimba foni kuti wina asakhudze. Modesta: "Mudzawauze nokha." Mwano. Akudziwa bwino kuti ine ndi mayi ake tikakumana panjira, wina amapatukira kutchire. Zaka zisanu ndi zinayi osayang'anana m'maso, lero ndiyambe kuwaphunzitsa za oyilo?

Loweruka, 14 Juni

Chitenje chili pachingwe, chochapa. Zitsulo zonse pathandala pamodzi ndi mapoto, zikuwala ngati masipuni. Apongozi akwecha ndi mchenga wa kumtsinje ndi phulusa, masiku awiri athunthu, chikhalirecho msana umawavuta. Ndayendetsa chikhadabo pa kirankishafuti: chikukodwa paliponse. Ndinapita kuseri kwa nkhokwe kukatukwana mtengo wa mango. Modesta akuti anali kumsika ku Mdeka. Akuti. Ndikalipire ndani? Khoswe akakhala pamkhate sapheka.

Lolemba, 16 Juni

Ndajomba kuntchito, ndapita ndi kirankishafuti ku Limbe. A Twahir sanaiyeze n'komwe. Angoisisita, n'kundibwezera, n'kufunsa ngati ndili ndi mdani kumudzi.

Nditabwerako, apongozi anakhala pansi chapatali, atandifulatira, n'kufunsa kudzera mwa Modesta ngati zayera mokwanira, poti anamva kuti bambo anga anali munthu waukhondo. Zala zawo zonse zosupuka. Ndinagwada, ndinawomba m'manja, ndinati zikomo kwambiri.

Pijo sidzaliranso. Mtima ukundiwawa zedi. Ndimangofuna ndimve kamodzi kokha mmene inkalirira bambo akamakhotera pakhomo, chifukwa chaka chino ndikati ndikumbukire, ndikumva galimoto za anthu ena.