Mbendera Yopindika

Toyohashi
7 Okutobala 2024

Okondedwa achimwene Noritaka,

Ndikhulupirira muli bwino ku Kushiro, ndipo kuzizira kwa kumpotoko sikunayambe kukulowani m'mawondo. Ife kuno tili bwino. Nsomba zouma zimene munatumiza mwezi watha zinafika, zikomo kwambiri. Bambo anadya osafunsa kumene zachokera, koma adiresi ya pa katoni anaiwerenga kawiri ine ndikuona. Musadabwe kulandira kalata yapamanja. Zimene ndikufuna kunena sizapafoni, komanso m'kabokosi momwemu muli kanthu kokulunga ndi thonje. Musakatsegule musanamalize kuwerenga, ndimakudziwani ndi phuma lanu.

Dzulo ndinapita ndi Bambo ku holo ya m'dera lathu kukasewera nkhondo ya tiasilikali ta mtovu. Inde, ineyo Chizuru, amene moyo wanga wonse ndinkangosuzumira pakhomo la chipinda chawo. Lamulo la kalabu yawo mukulikumbukira: msilikali wa mnzako sakhudzidwa, ngakhale atagwa pansi umangoloza ndi chala mwini wake atole. Koma manja a Bambo afika poipa. Chiyambire Epulo kunjenjemera kwakula, msuzi umathera patebulo usanafike pakamwa, ndipo bulashi yopentera asilikali anaisiya kalekale. Loweruka masana ndikuyanika zovala ndinangomva akundiitana.

"Iwe, mawa uli ndi zochita?"

"Kusita basi, Bambo."

"Zosita sizithawa. Ukakhale manja anga." Kenaka anawonjezera kuti, "Ndi komaliza. Ndikatha mawa, asilikali onse ndipereka ku kalabu. Sindifuna kuwaphwanya ndekha."

Mtima unandipweteka, achimwene. Anthu mazana atatu amene anawapenta mmodzimmodzi kwa zaka makumi anayi, ndipo anazinena ngati akunena zokataya nyuzipepala zakale.

Tinafika ku holo cha m'ma naini, ine nditasenza mabokosi anayi. Tinapeza a Kuwabara atayala kale nsalu yobiriwira patebulo, aika kamtsinje ka pepala, timapiri ndi mipanda ya timitengo. A Kuwabara ndi aja ankayendetsa basi, amene ankatipatsa maswiti a pichesi. Mutu wonse ndi dazi tsopano, koma pakamwa sipanakalambe. Ankasewera nkhondo ya ku Nagashino, monga mwa masiku onse: iwo asilikali amfuti obisala kuseri kwa mpanda, Bambo apakavalo ovala zofiira, mbali imene inagonja kalelo.

"Ha, lero mwabwera ndi wonyamula katundu?" anatero a Kuwabara. "Mwana wanga Chizuru, wakula chonchi? Bambo akowa zaka makumi anayi akuthamangira mpanda womwewu, sanaphunzirebe kuti mfuti imapha."

"Inu zaka makumi anayi mukubisala kuseri kwake," anayankha Bambo. "Tulukani tsiku limodzi tione ngati muli ndi miyendo."

Kenaka Bambo anandiphunzitsa kagwiridwe ka asilikaliwo. Sugwira mkondo, sugwira mutu, umagwira kathabwa kapansi ndi zala ziwiri. Ine ndinkayeza ndi tepi n'kusuntha magulu, iwo akulamula ali pampando. Madayisi okha, timiyala tamadontho toyesera mwayi, ankaponya okha, ataika m'kapu ya tiyi, ati ntchito yokhayo imene manja onjenjemera amaigwira bwino kuposa abwinobwino. Ndinalakwitsa kambirimbiri. Gulu lina ndinaliyang'anitsa kumbuyo, a Kuwabara n'kunena kuti bola amenewo ali ndi nzeru, akubwerera kwawo. Bambo anaseka mpaka kutsokomola. Chimwalirire Mayi sindinawamvepo akuseka choncho, ndipo pa chimenechi chokha ndikanathokoza tsiku lonse.

Koma pamene ndinkatulutsa bokosi lachitatu ndinakumana naye. Msilikali wonyamula mbendera yofiira uja, mbendera yake yopindikira kumanzere. 

Inu mukudziwa zimene zinachitika mu Malichi 1989, koma ndiloleni ndizilembe, chifukwa sindinazinenepo ndi pakamwa panga. Ndinali ndi zaka zisanu ndi zitatu, inu khumi ndi ziwiri. Inali nyengo ya chikondwerero cha zidole za atsikana, ndipo ndinaona kuti zidole zanga zikusowa mlonda. Ndinalowa m'chipinda cha Bambo, ndinatenga wa mbenderayo, ndipo anandipulumuka pamasitepe, mbendera n'kuthyoka. Ndinayesa kumata mbendera, ndinamubwezera pamalo pake, n'kukabisala kukhitchini. Madzulo Bambo anatiimika tonse awiri. Ine ndinkangoyang'ana zala zakumapazi. Inu munandiyang'ana kamodzi kokha n'kunena kuti, "Ndine." Anakumenyani pama, ndipo anati musadzapondenso m'chipindamo. Lamlungu lotsatira linali tsiku limene mukanapita nawo ku kalabu koyamba, ndi asilikali anu amikondo khumi ndi awiri amene munapenta nokha nyengo yonse yozizira. Simunapite, ndipo kuyambira pamenepo inu ndi Bambo munayamba kulankhulana kudzera mwa Mayi. Mayi atapita, zaka khumi ndi chimodzi zapitazo, simunabwerenso kwathu. Ine ndinakhala chete nthawi yonseyi, ndinkadziuza kuti ndi nkhani yachibwana imene aliyense anaiwala. Ndinkanama, ndinkaopa basi.

Masana tinadya mpunga woumba umene ndinakonza m'mawa, ndi tiyi wa balere. Titabwerera patebulo zinthu zinatiipira. Mfuti za a Kuwabara zinkathotholathothola apakavalo athu, ndipo paliponse Bambo ankandilozera woti ndichotse, pakuti mwini gulu ndiye amasankha amene wafa. Cha m'ma fili koloko gulu lathu lomaliza linafika pampanda penipeni litatsala ndi anthu awiri: mkulu wa nkhondo wa chisoti chagolide, ndi wa mbendera yopindika. A Kuwabara anaponya madayisi. Mmodzi anayenera kufa.

Ngakhale ine wachilendo ndinali nditadziwa kale kuti mkulu wa nkhondo akachoka patebulo, masewera atha. Ndinatambasula dzanja kuti nditenge wa mbendera.

"Ayi," anatero Bambo. "Chotsa wa chisotiyo."

"Akulu, ndi nkhondo yanu yomalizatu iyi," anatero a Kuwabara. "Mwalowa kale mumpanda. Mukaponya bwino kamodzi kokha mwandithyola. Perekani kopindikako."

"Ndati wa chisoti."

A Kuwabara anapukusa dazi lawo n'kutembenukira kwa ine. "Ukuwaona? Zaka makumi atatu ndi zisanu kamunthu aka sikanafepo. Amalolera kutaya akavalo, akuluakulu, nkhondo yonse, koma aka ayi. Ndikawafunsa amati ndi nkhani ya kunyumba."

Achimwene, pamenepo ndinalephera kudzigwira. Ndinaima ndi tepi m'manja, anthu a matebulo ena akumva, ndipo ndinati, "Bambo, amene anathyola mbendera iyi ndine. Sanali achimwene."

Ndinkayembekeza kuti akalipa, kapena adzuka n'kutuluka. Iwo anangoika kapu ya madayisi pansi.

"Ndikudziwa," anatero. "Mutenge, uyang'ane pamene mtengo wa mbendera walowa m'dzanja."

Ndinamunyamula ndi zala ziwiri monga anandiphunzitsira. Pansi pa penti panali kotupa kakang'ono.

"Ndi mpunga umenewo," anatero Bambo. "Mawa lake pofuna kukonza ndinapeza wina atamata ndi mpunga wophika. Noritaka ankadziwa pamene ndimasunga guluu, ndinamuphunzitsa ndekha. Womata mtovu ndi mpunga ndi mwana amene amamata zovala za zidole zapepala. Ndinadziwa pomwepo kuti ndamenya munthu chifukwa choteteza mlongo wake."

"Nanga bwanji simunanene?"

"Ndinati ndinena madzulo. Madzulo ndinati ndinena Lamlungu." Anayang'ana manja awo akunjenjemera pamaondo. "Kenaka anakula, ndipo nkhope yake inayamba kufanana ndi yanga. Munthu wotero umamuyamba bwanji?"

A Kuwabara, amene sakhala chete ngakhale pamaliro, anapita kukathira tiyi amene palibe anamupempha. Ine ndinalira ngati mwana, mayi wa zaka makumi anayi ndi zitatu, pakati pa madoda oyeza mipanda ndi tepi. Kenaka ndinachotsa wa chisoti uja, ndipo tinagonja.

Polongedza, a Kuwabara anafunsa ngati atenge mabokosi onse lero lomwe. Bambo anati adikire kaye, pali gulu lina kunyumba limene iwo sangapereke poti si lawo. Titafika anandituma kuti nditsitse chitini cha mabisiketi pamwamba pa kabati yawo. Munali asilikali anu khumi ndi awiri, achimwene, atagona pathonje. Pepani kunena, munapenta moipa: maso ngati a nsomba, wina ndevu zafika kukhutu. Ndinafuna kutola mmodzi, Bambo anandimenya pachala.

"Za eni sakhudza. Ine ndemwe sindinawakhudzepo, ndimangotsegula kuti apume mpweya." Kenaka anatulutsa wa mbendera m'thumba la malaya. "Gulu lakelo lilibe mbendera. Umutumizire uyu."

"Pa positi, Bambo? Akathyoka?"

"Anathyoka kale, akudziwa mmene zimakhalira. Kupita apite pa positi. Kubwera ndiye abwere m'manja mwa munthu."

Sananene zoposa pamenepo, ndipo inu mukuwadziwa, sadzanena. Koma m'mawa uno ndawapeza akufunsa a Kuwabara pafoni ngati tebulo lalikulu lili ndi malo a anthu atatu.

Tsono achimwene, ndili ndi mawu awiri amene ndachedwa nawo zaka makumi atatu ndi zisanu. Loyamba ndi pepani. Lachiwiri, limene likundilemera kwambiri, ndi zikomo. Munalandira pama langa, munataya Lamlungu lanu ndi ena onse otsatira, ndipo simunandikumbutsepo ngakhale tsiku limodzi, ngakhale pamene tinkakangana za maliro a Mayi. Ndinakula ndikudya ndi Bambo patebulo limodzi mwamtendere chifukwa cha inu. Dzulo ndinapatsidwa tsiku labwino kuposa onse amene ndakhala nawo ndi iwo, ndipo ndikudziwa bwino kuti linali lanu.

Sindikukukakamizani. Mukasankha kumusunga msilikaliyo kumeneko, ndidzamvetsa, ndipo ndidzawauza Bambo ndekha. Ndingokudziwitsani kuti kalabu imakumana Lamlungu loyamba la mwezi, ndiye kuti pa 3 Novembala, naini koloko. Chipinda chanu ndachotsamo makatoni. Mpunga ndidzaumba wokwana anayi, ndipo ndikulonjeza kuti sindidzamata nawo chilichonse.

Mupereke moni kwa alamu anga a Sumie, muwauze kuti mankhwala a mawondo aja ndawapeza. A Kuwabara akuti moni, ati mubwere mudzaphunzitse bambo anu kuzungulira mpanda. Bambo ndawafunsa ngati ndilembe moni wawo. Ati ayi, moni wawo ndi umene uli m'thonjewo. Tsopano mukhoza kutsegula. Mugwire kathabwa kapansi, ndi zala ziwiri.

Ndine mlongo wanu wokuthokozani,
Chizuru