Amalume Agula Kale Suti

Achemwali anga okondedwa,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kodi chifuwa chija chinamusiya wamng'onoyo? Kuno tilipo. Amayi miyendo ndi yomwe ija, koma akuyenda.

Ndisazungulire, mukundidziwa. Ukwati wanga wayandikira, ndipo nkhani ya wojambula zithunzi yandiima pakhosi.

Ndinapeza mtsikana wina amene ndinkaphunzira naye ku koleji. Amajambula anthu akuseka, akuvina, asakudziwa n'komwe kuti kamera yawaloza. Nditaona ntchito yake ndinati basi, ndi ameneyu. Ndinathamangira kunyumba kukawaonetsa amayi pafoni. Iwo anangoti zithunzi n'zokongola ndithu, koma amalume ako agula kale suti.

Achemwali, amalume auza msewu wonse kuti ukwati wa mwana wa mlongo wawo ajambula okha. Ngakhale telala woyandikana ndi situdiyo yawo anandiimitsa n'kundiuza kuti ndili ndi mwayi.

Pali chimene amayi sakuuzani mukamaimba. Amalume maso akupita. Mu situdiyo simungadziwe, chifukwa anaika zizindikiro za penti pansi, pomwe pamakhala mpando ndi pomwe pamaima miyendo ya kamera. Munthu akakhala pampandopo iwo amangodina, chithunzi cha chiphaso n'kutuluka bwinobwino. Koma atulutseni panja pomwe anthu akuyendayenda, muone.

Tsiku limene ndinalandira digiri anabwera ndi kamera yawo. Tonse tinali m'mikanjo yofanana, zipewa zofanana. Amalume anathamangira kutsogolo, kugwada, kujambula ndi mtima wonse. Anajambula mwana wa eni ake, achemwali! Mtsikana wamtali, wamagalasi, amene ngakhale dzina lake sindilidziwa. Chithunzicho anachikulitsa, anachiika m'felemu, chili pakhoma pamwamba pa kauntala. Kasitomala aliyense amauzidwa kuti uyu ndi Kamphepo wathu, woyamba kubweretsa digiri m'banja. Ine ndikakhalapo ndimangomwetulira ngati chitsiru.

Ndinawauza amayi kuti ndikukawauza amalume zoona. Amayi anatseka chitseko cha kukhitchini n'kundifunsa ngati kusukulu anandiphunzitsa kuvula munthu wamkulu. Akuti mlongo wawo akadzangodziwa kuti tadziwa, adzatseka situdiyo, ndipo munthu amene wagwira kamera moyo wake wonse akakhala pakhonde manja lende sachedwa kutisiya. Akuti ndipirire, ukwati ndi tsiku limodzi.

Eya, tsiku limodzi! N'chifukwa chake ndikufuna lidzaoneke.

Ndinayesa nzeru. Ndinapita ndi mnzanga uja ku situdiyo n'kunena kuti akufuna kuphunzira kwa katswiri, adzawathandize pa tsikulo. Amalume anasangalala zedi. Anamuuza kuti adzanyamula chikwama ndi kuwongola anthu makolala, koma kamera pa ukwati imakhala imodzi ngati mkwatibwi. Anawonjeza kuti foni yakenso idzagone m'thumba. Titatuluka, mnzangayo anati ndidzamuitane ndikathana nazo za kwathu.

Ndinayesanso ina. Ndinawapempha kuti, poti bambo anatisiya, adzandigwire mkono polowa. Mumtima ndinkati munthu sangagwire mkwatibwi ndi kamera nthawi imodzi. Analira, achemwali, misozi yeniyeni. Atapukuta m'maso anati ndisadandaule, kamera idzakhala m'khosi. Tikadzafika pakati adzandisiya pang'ono, athamangire kutsogolo, andijambule, abwerere kudzanditenga.

Bwenzi langa ndiye musamuwerengere. Amangoseka, akuti bola mkazi amene adzamupachike naye pakhoma adzakhale wooneka bwino.

Ndatopa nayo nyumba ino ya "tisawakhumudwitse". Mwina ndi ng'ala chabe yoti adokotala angachotse, koma awatengere kuchipatala ndani pomwe tonse tikunamizira kuti akuona? Ndikalankhula, ndine mwana wamwano amene digiri yamulowa m'mutu. Ndikakhala chete, tsiku langa lipita, maso awo apitanso.

Ndiye ndagwira mwendo wanu. Amalume amamva inu nokha. Inu mukawakalipira amaseka, ine ndikangotsokomola amati ndayamba. Aimbireni. Musayambe ndi za ukwati, yambani ndi za maso.

Loweruka akubwera kudzaona diresi kuti adziwe kuwala kofunika. Mukapanda kuimba lisanafike tsikulo, ndidzanena ndekha amayi ali pomwepo, ndipo mukudziwa kuti pakamwa panga palibe buleki. Kapena ndidzawaona akusisita diresiyo ndi zala kuti aidziwe maonekedwe ake, mawu n'kundithawa. Ndimaopa chachiwirichi kuposa choyamba.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze kuti ayambe kuphunzira kuvina. Ana muwapsompsone m'malo mwanga. Mulungu akusungeni, ndipo chonde foniyo musaiiwale.

Ndine mng'ono wanu,
Kamphepo