Masitepe Akunja kwa Tchalitchi

Aphungu,

Ndine mayi wachikulire, ndipo ndimawerenga Mawu pa mpingo wathu wa anthu akuda. Mpingowu unayamba pamene makolo athu, atangomasulidwa ku ukapolo, anatuluka m'tchalitchi cha azungu chomwe chikadalipo kutsidya kwa msewu. Tchalitchicho chili ndi khonde la m'mwamba m'kati mwake pomwe akapolo ankakhala, ndipo masitepe ake ali kunja, kuti asamakumane ndi ambuye awo pakhomo.

Mwezi watha kunabwera a Hollis Tarver, dikoni wa kumeneko. Dzina la Tarver ndi lathunso, ndipo mukudziwa kale mmene tinalipezera: akapolo ankapatsidwa dzina la ambuye awo. A Hollis ndi munthu wabwino. Mphepo itasasula denga lathu, anali oyamba kukwera ndi hamala. Anati mipingo iwiriyi ichite mapemphero a chiyanjanitso m'tchalitchi chawo, kenako tidyere limodzi pa kapinga. Anandipempha kuti ndikawerenge kalata yaifupi ija ya mtumwi ya m'Baibulo, yomwe anapatsira kapolo wothawa pomubweza kwa mbuye wake, ndipo ndikamaliza ndinene m'malo mwa mpingo wathu kuti takhululuka. Misozi inali ikulengeza m'maso mwawo. Ndinavomera pomwepo.

Ndinawauza bambo anga, a Cleophus, tikusenda mbatata. Zaka zawo zapitirira 90 koma mutu ukugwira bwinobwino. Anaika mpeni pansi n'kunena kuti, "Dessa, kusukulu kuja unkangotenthetsa benchi eti? Kalata imeneyo inkawerengedwa kapolo akathawa, m'busa maso ali m'mwamba, kukhonde. Agogo anga a Viney anaimva ali kamtsikana, Lamulungu lotsatira bambo awo atathawa. Mpaka kumwalira kwawo, ikangoyamba kuwerengedwa ankatuluka panja." Ndinayesa kunena kuti a Hollis sanagulepo munthu. Bambo anati, "Nanga ine ndati wagula? Pita ukawerenge, mwana wanga. Koma pa maliro anga adzawerenge wina."

Aphungu, bambo anandisankha kalekale kuti ndidzawerenge pa maliro awo, ndipo ndime yake ndinaiyika kale kachingwe m'Baibulo. Masiku ano ndikawapatsa chakudya amandithokoza ngati ndine namwino wa kuchipatala. Kukhululuka ndimakukhulupirira, ndipo ndinalonjeza kale kwa a Hollis. Koma bambo ndili nawo amodzi. Ndichite chiyani?

D.T., Tallow Creek, Georgia

Mchemwali wanga D.T.,

Bambo anu akupwetekani, koma sananame. Nanunso simunachite choipa; munangofulumira, monga timachitira tonse munthu wabwino akatililira pakhomo.

Tsegulaninso kalatayo muone amene analemberedwa. Ndi mwini kapolo. Iye ndiye akuuzidwa kuti alandire munthuyo ngati m'bale wake. Kapoloyo salankhulamo mawu ngakhale amodzi: wangopatsidwa kalata kuti anyamule, n'kukaima nayo pakhomo pomwe anathawa. Ineyo zimandiwawa kuti mtumwi sananene mosapita m'mbali kuti mumasule, ndipo sindibisa zimenezo. Koma onani ntchito yomwe a Hollis akupatsani. Akupemphani munyamule kalata, mulowe nayo m'nyumba yawo, muiwerenge, kenako muwapatsenso yankho. Iwo atsala ndi chiyani? Kukhala pansi n'kupukuta misozi. Sindikuti achita dala. Zinangowaoneka zachibadwa kuti wonyamula akhale inu, ndipo vuto lenileni lili pomwepo.

Pitani kwa a Hollis sabata ino, maso ndi maso, osati pa foni. Musapite ndi mkwiyo wa bambo anu, pitani ndi dzina la a Viney. Auzeni zomwe mtsikanayo anamva ali pakhonde paja. N'kutheka kuti sanamvepo, chifukwa nkhani zotere zinasungidwa mbali imodzi yokha ya msewu. Mukatero apempheni kuti kalatayo awerenge okha, popeza inalemberedwa kunyumba kwawo. Munthu wokwera padenga la anzake ndi hamala sangalephere zimenezi. Akakana, mudziwa kuti ankafuna kutsukidwa, osati kuyanjana.

Za mawu oti "takhululuka," musawanene. Chikhululukiro chomwe muli nacho m'manja ndi chanu chokha, ndipo ngati mtima wanu wapereka, nenani kuti "ine." Cha a Viney anapita nacho kumanda. Cha a Cleophus chili ndi mwini wake, ndipo mwini wakeyo akadali moyo, akusenda mbatata m'khitchini mwanu. Mwina chomwe chawabaya kwambiri si kalatayo ayi, koma kuti mwana wawo anavomera kuwalankhulira asanawafunse. Kawapepeseni pa chimenecho basi, osawonjezera ulaliki. Kenako afunseni chomwe angafune kuti chichitike m'tchalitchimo, mutseke pakamwa, mumve.

Chenjerani ndi zinthu ziwiri. Musanamizire chimfine tsikulo kuti muthawe onse awiri. M'tauni yaing'ono bodza limafika kunyumba inu musanafike. Komanso musadikire kuti bambo afewe okha, chifukwa pa msinkhu wawo mawa si lonjezo. Akakanabe kupita, khalani nawo kunyumba Lamulungu limenelo, nkhuku yokazinga yokadyera pa kapinga paja muwatumizire anzanu. Mipingo idzakumananso, koma maliro a bambo anu adzachitika kamodzi.

Akavomera kupita, apezereni malo pa benchi ya kutsogolo, pansi, pomwe a Tarver enawo ankakhala. A Hollis atuluke panja, akwere masitepe aja, akaime pomwe a Viney ankakhala, awerengere pamenepo. Kalatayo yakhala ikuponyedwa kuchokera pansi kupita m'mwamba kwa zaka zambiri. Ulendo uno itsike, bambo anu aimve atakhala.

Aphungu