Mwana Wodikira Pazenera

Okondedwa Azakhali,

Ndikhulupirira miyendo ija yayamba kupepuka. Ine ndili bwino, kungoti mtima ukundilemera.

Maphunziro aja ndinawapeza nditamaliza PhD, othandiza ana ovutika maganizo, ndawayamba kuchipatala cha ana cha m'dera la Govan, kunja kuno. Andipatsa kamtsikana ka Amalawi anzathu kamene kanasiya kudya. Mchimwene wake atamwalira, makolo anakauza kuti wapita kumudzi. Tsono kamangokhala pazenera kumudikira. Dzulo kanandifunsa m'Chingerezi kuti, "Kodi anandikwiyira?" Mayi ake anatuluka akulira.

Azakhali, mdzukulu wanu Tadala mumamuuzabe kuti mayi ake ali ku Joni. Chonde, mutengeni mukamuonetse manda. Asamadikire munthu amene tinamuika kale.

Mulungu akusungeni.

Mwana wanu,
Chikondi