Mtsetse wa Kumanda

Amayi, kodi mukudzuka bwanji kumeneko? Ife kuno tilipo, kungoti nyumba ino yandikulira. Chiperoni chabwera msanga chaka chino, tiyi wa kumtunda kwa esiteti sakuoneka mpaka dzuwa litakwera. Kwa achimwene a Fanuwelo kwabadwa mwana wamkazi, ndipo amupatsa dzina lanu. Chipumi ndi chanu chomwe chija, kukwiya kwakenso. Nandolo wachita bwino, koma nthochi zija munabzala kuseri kwa bafa zinagwidwa ndi matenda a chisaka, tinazula zonse.

Achimwene akuti tikagulitsa nandolo timanga chiliza chanu. Ndinayenera kusangalala, koma ndili ndi mantha, chifukwa bondo langa likukana kutsika mtsetse wa kumene mwagonako.

Mukukumbukira mmene munkandinyodolera ndikamathamanga m'misewu ya m'tiyi, inu dengu lili kumsana? "Iwe Lusiya, akukuthamangitsa ndani?" Koma tsiku la mpikisano ndinu munkayamba kululuta ndisanafike n'komwe. Miyezi ija ndinali gadiyani wanu kuchipatala sindinathamangeko, ndinkangokhala pambali pa bedi. Titakuikani ndinayambiranso mwaukali, m'mawa ndi madzulo, poti kunyumba kunalibe wondifunsa ngati ndadya. Posakhalitsa bondo lakumanzere linayamba kulasa kutsogoloku, makamaka potsetsereka.

Amayi aang'ono ananditengera ku Masambanjati kukatemera mphini. Ndinalola, mphamvu zokangana nawo ndinalibe. Kenaka anati: "Ulimange ndi nsalu mwanawe, usamaliyendetse." Ndinakhala pakhonde ngati nkhuku yofungatira, ululu osasintha.

Kuchipatala ndinakumana ndi mayi wophunzitsa mafizo. Bondolo anangoligwiragwira pang'ono, n'kutenga tepi ngati ya atelala kundiyeza ntchafu zonse ziwiri. Yakumanzere yaphwa, Amayi, ine osadziwa. Anandiimika ndi mwendo umodzi pasitepe kuti nditsike pang'onopang'ono. Mwendo unanjenjemera, bondo n'kupindikira mkati. Akuti minofu ya ntchafu ndiyo mabuleki a munthu akamatsika, ndipo ikafooka katundu yense amagwera bondo. Ndiye kuti kukhala pakhonde kuja ndinkangoonjezera vuto.

Tsopano m'mawa uliwonse ndimatsamira khoma la khitchini, n'kupinda mawondo ngati ndakhala pampando woti palibepo, mpaka ntchafu zitatentha. Ndikatero ndimakwera ndi kutsika sitepe ya pakhomo, pomwe munkakhala posankha nyemba. Odutsa popita kothyola tiyi amandiseka. Inu mukanaseka kuposa onse, koma mukanakhala pomwepo n'kumandiwerengera. Ndimawerenga ndekha, ndipo masiku ena ndimasokoneza n'kungoyamba kulira. Ndakusowani, Amayi.

Mwezi watha mudzi wonse unapita kukalambula kumanda. Ndinanyamula khasu n'kutsika nawo njira ija ya kuseri kwa mabulugamu. Pakati pa mtsetse bondo linakana. Ndinakhala pachitsa, khasu pambali, ndikumva makasu a anzanga kumunsiko. Udzu wa pamanda panu anazula ndi anthu ena, mwana wanu wothamanga ali pachitsa. Zimenezo zinandipweteka kuposa bondolo.

Achimwene akuti tsiku la chiliza adzandipezera kabaza yodzera njira yozungulira ya kumunsi. Ndakana. Munkati munthu sapita kwa amake ngati mlendo, ndiye ine ndifike pa kabaza? Za mpikisano sindikudziwa ngati ndidzabwererako. Mayi wa mafizo uja salonjeza, amangoti tione mmene ntchafu idzadzire. Koma dzulo ndatsika sitepe ija mwendo osanjenjemera, ndipo ndinacheuka kuti ndikuuzeni.

Ndiye ndikulonjezeni pano. Tsiku limenelo ndidzatsika mtsetse uja ndi miyendo yangayi, ndowa ya madzi okandira simenti ili pamutu. Azimayi anzanga adzandisiya m'mbuyo, mwina ndidzapumira pachitsa chomwe chija. Mukadzaona onse afika ine kulibe, musadzade nkhawa. Ndikubwera pang'onopang'ono, Amayi. Palibe akundithamangitsa.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Lusiya